Mitondo Inayi Kukafika ku Mathanthwe

Padangotero, ndipo amene tili tonse avomere msanga, pakuti minsi yayamba kale kugunda.

Mumzinda wa Gwirampini amayi onse anali pabwalo la mfumu tsiku limenelo, akukonola chimanga, thukuta lili kamukamu. Mayi Sakhwi, wamng'ono kuposa onse, anachita kukwera pamwala kuti munsi wake ufike mumtondo. Wosinja naye mtondo umodzi anali Mayi Gologolo.

"Asisi, uwu ndi mtondo wachingati?" anafunsa Gologolo, akupukuta kumaso ndi mchira.

"Musandifunse ine, msana wanga ndiwo ukudziwa," anatero Sakhwi. "Gundani, a Nungu akubwera apo."

Chimanga chimenechi sichinali cha ana awo. Chinali kamba wa paulendo wa Dokowe. Mwini mzinda, Mfumukazi Njati, anali ndi mwana mmodzi yekha wamkazi, amene anakwatiwa kumzinda wa Mathanthwe. Wapansi kumeneko sikunkapitika chifukwa cha ng'ona za mumtsinje wa pakati. Choncho mfumukazi inasankha Dokowe kukhala kapitawo wa maulendo a mumlengalenga, kuti azinyamula mphatso ndi mauthenga. Dokowe ananena kuti kuuluka kukafika ku Mathanthwe ndi masiku atatu, kubwerera masiku atatunso. Womutsutsa panalibe, popeza mbalame zina za mumzindamo zinali nkhuku ndi nkhwali, zimene kuuluka kwake n'kungolumpha mpanda. Ulendo uliwonse ankanyamula matumba asanu ndi limodzi a ufa, thumba limodzi pa tsiku, ndipo osinja ufawo anali amayi.

Nungu, kapitawo wa nkhokwe, anafika n'kuima pakati pa mitondo.

"Tamverani amayi. M'nkhokwe ya mfumu mwatsala chimanga cha maulendo atatu basi. Chikatha, aliyense adzatsitsa chimanga chake chambewu chimene anapachika kudenga. Tidzasinja chimenecho."

Minsi yonse inaima.

"Nanga mvula ikagwa tidzadzala chiyani, a Nungu?" anafunsa Sakhwi. "Minga yanuyo?"

"Ine ndangotumidwa, mayi. Kafunseni amfumu."

Nungu atachoka, Sakhwi anayandikira mnzake. "Asisi, munayamba mwaona munthu wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi osapuma, n'kubwera atanenepa? Ife tikasinja tsiku limodzi nthiti zimaonekera. Iwo akatera, khosi limachita kunyezimira."

Sakhwi sanalakwe. Dokowe ankafika ku Mathanthwe dzuwa lisanafike pamutu, n'kutula katundu. Kenako ankakhotera kudambo lina kumene anakwatirako mobisa Mayi Kakowa, n'kukhala masiku asanu akudya ufa wa amayi a ku Gwirampini, iye ndi achibale onse a mkazi wakeyo. Izi Sakhwi sankazidziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti mbewu yake ili kudenga, ndipo ikalowa mumtondo ana ake adzagona ndi njala chaka chonse.

Anakweza munsi n'kuyambitsa nyimbo. Nyimboyo inkafunsa kuti kodi Mathanthwe ali kutali bwanji, poti njira yake imadya ufa chonchi. Woyambitsa akafunsa, ena onse ankayankha kuti afunsidwe wa miyendo yaitali, ndipo minsi inkagunda pamodzi pa mawu omalizawo.

Ulendo woyamba utakwana, Sakhwi anaphika thobwa la mawere, n'kulithira m'chipanda, n'kukagwada pamaso pa mfumukazi.

"Amayi, mwana wanu uja ankakonda thobwa langa akali mtsikana. Mundilole ndimutumizireko."

Mfumukazi ikangomva za mwana wake misozi inkalengeza. "Wachita bwino, Sakhwi. A Dokowe, nyamulani."

Patapita masiku asanu ndi limodzi Dokowe anatera pabwalo, mapiko akukhukhuluza pansi, akubuula ngati wodwala mutu. Anamupatsa mpando ndi madzi.

"Mwana wanga wati chiyani? Nenani zonse, musasiyeko," inatero mfumukazi.

"Ali bwino, mfumu. Akuti mphatso zonse alandira. Thobwa lija akuti linali lotsekemera ngati laphulidwa m'mawa womwewo."

Sakhwi anaomba m'manja. "Zikomo mfumu, ndifunseko. Amayi nonse muli pano, thobwa likagona masiku atatu m'chipanda limatani?"

"Limasasa!" anayankha amayi onse.

Dokowe anatsokomola pang'ono, kenako anaseka. "Mayi iwe wa kamphuno, kumwamba unafikako? Kutali kumene unakwera ndi pamwala wako uja. Kumwamba kumazizira, mphepo yake yoposa ya m'nyengo yachisanu. Chinthu sichisasa kumeneko."

"N'zoona," inatero mfumukazi. "Za kumwamba amazidziwa ndi a Dokowe."

Amayi anabwerera kumitondo. Nyimbo ija anaiimbanso, koma motsitsa mawu.

Pa ulendo wachiwiri Sakhwi anaotcha mbatata m'phulusa, n'kuikulunga m'masamba a nthochi ikali yotentha, n'kuiika pansi penipeni pa dengu. Dokowe atabwerera, anatera ndi nkhani yaikulu.

"Mfumu, muli ndi mdzukulu! Mwana wanu wachira, ali m'chikuta ndi khanda lake."

Nthungululu zinamveka mzinda wonse. Dokowe anafotokoza za khandalo, makutu ake, kulira kwake, koma za mbatata sanatchuleko. Anali atachenjera. Sakhwi anadikira kuti phokoso lichepe, kenako anadziponya pansi n'kuyamba kulira.

"Mayo ine! Mfumu, ndalakwa, mundikhululukire! Ndinatumiza mbatata yootcha osaganiza kuti ulendo ndi wa masiku atatu. Yafika itachita nkhungu. A Dokowe aipereka choncho kwa mayi woyamwitsa. Mwana wa mfumu kudya zankhungu ali m'chikuta!"

Mfumukazi inadzuka, mphuno zikutuluka mpweya. "A Dokowe, mwamudyetsa zoola mwana wanga?"

"Bodza, mfumu, bodza lenileni!" anakuwa Dokowe. "Mbatata imene ija anaidya akuuzira! Mpaka anapsa nayo lilime!"

Sakhwi anadzuka, m'maso muli gwa, n'kusasa fumbi pachitenje. "Akuuzira. Patapita masiku atatu. Komanso kumwambako n'kozizira, anatero okha pabwalo pano."

Amayi anayamba kung'ung'udza. Dokowe anayang'ana uku ndi uku, koma mutu wake sunali wogona.

"Taonani umbuli wa anthu apansi. Thobwa ndinalinyamula kunsi kwa phiko, kumene kumawomba mphepo. Mbatata ndinainyamula pamsana, kumene kumawomba dzuwa. Dzuwa lili pafupi kumeneko, mfumu, mukhoza kuphikapo nyemba."

Mfumukazi inakhala pansi. "Sakhwi, usandisokonezere chimwemwe lero. Tsopano poti kuli mdzukulu, maulendo achuluka. A Nungu, mawa mbewu zonse zibwere pabwalo."

Tsiku limenelo nyimbo sinaimbidwe. Gologolo anamupeza Sakhwi kuseri kwa nyumba akusenda luzi.

"Asisi, zatha basi. Tiyeni tibise kambewu pang'ono m'nthaka."

"A Nungu amanunkhiza, akakufukulirani," anatero Sakhwi. "Gwirani uku, tipote chingwe. Ndakhala ndikuwatumiza zinthu zoti pakamwa pawo pangathe kuzikana. Tsopano ndiwatumiza chinthu chimene sichimva pakamwa pa munthu."

M'mawa mwake mbewu zinaunjikidwa pabwalo, mtolo uliwonse ndi mwini wake ataima pambali, manja ali pamutu. Kamba wa ulendo wachitatu anali atamangidwa kale. Sakhwi anagwadanso pamaso pa mfumukazi.

"Iwenso?" inatero mfumukazi.

"Ine ndagonja, Amayi, za kumwamba sindizidziwa. Ndabwera ndi za mdzukulu wanu. Mwanayo akuotha moto wa kuchimuna kokha. Kodi sizoyenera kuti aothenso moto wa agogo ake? Mupale moto wa m'nyumba mwanu, upite ku Mathanthwe. Akakoleza m'chikuta, ubwerere kuno, kuti inunso muothe moto umene waotha mdzukulu wanu."

Mfumukazi inagwira pamtima. "Koma ungafike bwanji usanazime?"

Sakhwi anatulutsa chingwe chaluzi chopota bwino, chokulungidwa m'kamphika. "Ukayatsa kunsonga chimangonyeka pang'onopang'ono. Ichi n'cha masiku asanu ndi awiri. Mungondipatsa bweya wa kumchira kwanu ndipoteremo, kuti mwana wanu akamva fungo akadziwe kuti moto ndi wa mayi ake enieni. Kungoti, Amayi, moto wa mfumu ukazimira m'njira n'zoopsa. Mwina a Dokowe sangathe. Akalamba."

"Ndani wakalamba?" anatero Dokowe, atatukula khosi. Anasuzumira m'kamphika, n'kuona chingwe chokulungakulunga. Iye chibadwire sanasonkhezepo moto, ankangopeza zakupsa. "Bweretsani kuno. Moto umenewu ukazima, popita kapena pobwera, mundisosole mapiko onse pabwalo pano."

"Mwamva nonse," inatero mfumukazi, n'kuzula bweya wa kumchira kwake.

Anayatsa chingwe, n'kumukoleka Dokowe kamphika m'khosi, matumba kumsana, ndipo ananyamuka dzuwa litangotuluka.

"Tsopano mbewu mumtondo," anatero Nungu.

"A Nungu, pansi pa nkhokwe patsala zosesa," anatero Sakhwi. "Tizitaye? Tiyambe tasinja zimenezo, mbewu sizithawa."

Nungu anakayeza zosesazo. Zinali zokwana mitondo isanu ndi itatu. "Chabwino. Koma ukatha wachisanu ndi chitatu, sindimvanso za munthu."

Kumwamba, Dokowe anali ndi nzeru zake. Ulendo uno anaganiza zoyamba wakhala masiku atatu kwa Kakowa asanakatule katundu, kuti pasapezekenso chomugwirira. Anatera kudambo kuja akuimba mluzu.

"Amayi a kuno, landirani ufa. Ndi kamphika aka mukaike pabwino, ndi moto wa mfumu. Upita mkuja."

Kakowa anasuzumira m'kamphika. "Mkuja? Abambo, chingwe ichi sichiona dzuwa likulowa."

"N'cha masiku asanu ndi awiri."

"Anakuuzani ndani? Luzi louma chonchi? Taonani, gawo lapita kale, ndipo mphepo ya kumwamba kwanuko ikuchita kuchiuzira."

Dokowe anasuzumiranso m'kamphika. "Ndiye tiusamutsire pachikuni chako, ndidzapalanso tsiku lonyamuka."

"Mudzapalira pa chiyani chingwe chitatha? Simukumva fungo la bweyali? Mwana wa eni ake akafuna fungo limeneli. Ine bweya wa njati ndiutenga kuti? Ndipo moto wa mfumu m'nyumba mwanga sulowa, ndili ndi ana ine. Kodi mwalonjeza chiyani ukazima?"

"Mapiko."

"Ndiye mwaimiranji?"

Dokowe anaponya matumba pansi n'kuuluka ngati wathamangitsidwa ndi njuchi.

Ku Gwirampini amayi anali pamtondo wachitatu. Sakhwi anayambitsa nyimbo ija, ndipo ulendo uno anaikoka, kuti minsi igunde mochedwa.

"Fulumirani!" anakalipa Nungu.

"Zosesa zimakhala ndi miyala, a Nungu. Mukufuna a Dokowe aguluke mlomo?"

Dokowe anafika ku Mathanthwe akupuma wefuwefu. Mwana wa mfumukazi atamva fungo la bweya wa mayi ake analira ndi chimwemwe. Anakoleza moto m'chikuta, n'kubwezera chingwe chotsala m'kamphika.

"Khalani pansi mudye, a Dokowe, mwauluka masiku atatu."

"Sindidya, mayi!"

"Ngakhale madzi?"

"Kolekeni kamphikako, chonde!"

Anaulukanso. Akakupiza mapiko mwamphamvu, mphepo inkauzira chingwe, moto n'kuthamanga. Akachepetsa liwiro, njira inkatalika, chingwe chikunyekabe. Anayesa kutchinga kamphika ndi nsonga za mapiko, nthenga zinawauka. Kamphika kanatentha, kachingwe ka m'khosi kanaduka, ndipo anachita kuwakha chingwe chamoto ndi mapazi kamphika kakugwa. Mapazi atapsa anachilandira ndi mlomo. Mlomo utapsa anachibwezera kumapazi. Kukhotera kudambo sanakuganizenso.

Pabwalo paja mtondo wachisanu ndi chiwiri unatha. Wachisanu ndi chitatu anausinja mpaka kunatsala ufa wokhawokha, akusinjabe.

"Basi!" anatero Nungu. "Mukufuna kuboola mtondo? Tiyamba ndi mbewu ya amene amalankhula kwambiri."

Anatenga mtolo wa Sakhwi, n'kutongola chimanga chake chonse, n'kuthira mumtondo. Sakhwi anachiyang'ana. Chinali chimanga chimene anasankha yekha pokolola, chamaso akuluakulu, chonunkhira utsi.

"Kwera pamwala wako, mayi. Gunda."

Sakhwi anakwera. Anamanga chitenje, n'kuchimasula, n'kuchimanganso. Analavulira m'manja. Anakweza munsi, maso ali kumwamba.

"Gunda!"

"Asisi!" anakuwa Gologolo. "Utsi uwo!"

Onse anatukula mitu. Kumwamba kunkabwera chinthu chofuka, chikupepesuka, chikulira mosamveka bwino chifukwa kukamwa kunali kotseka. Chinagwa pakati pa bwalo, phu! Anali Dokowe, kachidutswa ka chingwe kali kumlomo, kakuyakabe. Anakalavulira pamapazi a mfumukazi.

"Sunazime, mfumu! Onani nonse, sunazime! Mapiko anga musawakhudze!"

Sakhwi anatsitsa munsi n'kuugoneka pansi bwinobwino. Anatola kachidutswa kaja, n'kukaika paudzu wouma, n'kuuzira mpaka moto unayaka.

"Othani, Amayi, ndi wa mdzukulu wanu. A Dokowe, mwafikadi ku Mathanthwe? Kapena mwabwerera panjira?"

Dokowe anaona kuti akati wabwerera panjira, ndiye kuti wanyoza ntchito ya mfumu. "Ndafika! Akoleza m'chikuta ine ndikuona!"

"Lero lomwe lino?"

Dokowe anatsegula mlomo, koma munangotuluka utsi.

Sakhwi anatembenukira kwa amayi. "Chinyamukire a Dokowe tasinja mitondo ingati?"

"Isanu ndi itatu!"

"Kupita ndi kubwera. Ndiye mfumu, kuchoka pano kukafika kwa mwana wanu ndi mitondo inayi. Munthu akhoza kunyamuka tikuyamba kukonola, n'kufika tisanayambe kupeta."

Mfumukazi inatambasulira manja pamoto uja.

"Zaka zonsezi," inatero, "ndimadikira masiku asanu ndi limodzi athunthu kuti ndimve ngati mwana wanga wadzuka bwino. Chikhalirecho ali panja pompa. A Dokowe, masiku asanu otsalawo mumakhala kuti? Nanga matumba amene mwanyamuka nawo m'mawa uno ali kuti?"

Dokowe anayang'ana pansi. Anayesa kunena za mphepo, anayesa kunena za dzuwa, koma amayi anamuseka mpaka ena kugwa pansi. Potsiriza anaulula zonse, za dambo, za Kakowa, za alamu ake amene ananenepa ndi ufa wa ku Gwirampini.

"A Nungu," inatero mfumukazi, "aliyense atenge mbewu yake. Ya Sakhwi muiwole mumtondomo ndi manja anu, isatsalemo ngakhale imodzi."

Nungu anagwada pamtondo n'kuyamba kutola, minga ili yogona. Amayi anasenza mitolo yawo n'kuzungulira bwalo akuvina, akuimba nyimbo yawo ija mokweza kuposa kale. Koma tsopano woyambitsa akafunsa kutalika kwa Mathanthwe, sankatumizanso funso kwa wa miyendo yaitali. Ankayankha okha chiwerengero cha mitondo, akuponda pansi kanayi. Amayiwo anamunyamula Sakhwi m'mwamba, iye akukuwa kuti amutsitse, ali ndi munda woti akagalauze mvula isanagwe.

Kenako mfumukazi inagamula mlandu wa Dokowe.

"Mapiko sindikusosolani, moto mwaufikitsa. Ndipo ndikuwafuna mapikowo, chifukwa kuyambira mawa muzipita ku Mathanthwe tsiku lililonse, n'kubwerera tsiku lomwelo. Ukapitawo watha, ndinu mtengatenga chabe. Mpando pabwalo pano mulibe. Kamba mulibenso, ulendo wa mitondo inayi munthu amayenda ndi zimene wadya kwawo."

Dokowe anapita kudambo kuja akutsimphina, kuti mwina akamuthire mankhwala pamabala. Kakowa anamuyang'ana kumsana, n'kuona kuti kulibe thumba.

"Ufa uli kuti, abambo?"

"Watha. Sudzabweranso."

"Ndiye mwasochera, kuno kulibe kwanu," anatero Kakowa, n'kutseka chitseko.

Mabala aja sanapole bwino. Mlomo ndi miyendo ya Dokowe zinatsala zofiira, nsonga za mapiko zakuda bii. Ufa sanaulawenso, amangotola achule m'matope yekhayekha. Ndipo mukamuona ataima ndi mwendo umodzi, si ulesi ayi. Mapazi onse awiri amamuwawabe, ndiye amapondera limodzi kuti linalo liyambe lapuma.